Makina a Singer pa Khonde la ku Kawale

Makina amene ndimasokera ndi aakulu kuposa ana anga onse. Mutu wake unabwera kuchokera ku Joni m'chaka cha 1975, utakulungidwa m'bulangeti pansi pa bokosi la malemu bambo anga, ndipo miyendo yake yachitsulo anachita kugula padera kwa Mmwenye wina ku Bwalo la Njobvu. Ndi Singer yakuda, yopalasa ndi phazi. Lamba ndasintha kosawerengeka, koma mutuwo ndi womwewo, ndipo zaka zonsezi wakhala pa makonde a kuno ku Kawale. Pa khonde pomwepa ndi pamene ndinaphunzirira ndale za dziko lapansi. Zimene akuluakulu ankagwirizana ku Pretoria, ku Paris, ku Washington kapena ku Beijing zinkatenga miyezi, mwina zaka, koma pamapeto pake zinkandipeza ndithu, ndipo zinkafika ngati nsalu.

Bambo anapita ku migodi ya golide kudzera ku Wenela, monga ankachitira amuna ambiri a kwathu ku Dowa. Akanakhalitsa komweko pakanapanda ngozi ya pa 4 Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi. Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo amuna oposa 100,000 anayamba kubwerako m'magulumagulu. Wina anabwera ndi njinga, wina wailesi, wina galamafoni. Bambo anasankha makina, chifukwa ku komponi anali ataphunzira kusoka kwa mnzawo wa ku Mozambique amene Lamlungu lililonse ankaphatika zigamba pa maovololo a anzake.

Ku Dowa sanakhalitseko. Chaka chomwecho cha 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo aliyense wodziwa ntchito yamanja ankathamangira kuno. Ine ndinali mnyamata wa zaka 12, ndipo chimene ndinkaona ndi fumbi lofiira, mathirakitala, ndi maofesi oyera akumera pa Capital Hill. Za kumene kunachokera ndalama zomangira ndinadzazimva nditakula. Angerezi anakana kulipirira ntchitoyi, ponena kuti dziko losauka silifunika likulu latsopano. Amene anavomera ndi boma la tsankho la South Africa, limene Malawi anakhazikitsa nalo ubale wa ukazembe mu 1967. Linabwereketsa 8 miliyoni randi zoyambira, nduna yaikulu yake John Vorster anadzacheza kuno mu 1970, ndipo Kamuzu anakabweza ulendowo mu 1971, anansi athu Kaunda ndi Nyerere akuyang'ana mokhumudwa. Boma lomwelo limene linkagoneka bambo anga m'komponi ndi kuwayendetsa ndi pasi ndi limene linatumiza akatswiri odzajambula mapu a mzinda wathu. Mpaka lero mapuwo amaoneka: mabwana ku Area 10 ndi Area 43, ogwira ntchito m'boma ku Area 18, ife omanga tokha ku Kawale, ku Biwi ndi pa mapuloti a ku Area 25, pakati pathu pali tchire ndi mtunda wautali. Amene anasowa puloti anakadzipezera malo ku Chinsapo, ena ku Mgona pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Pretoria inkafuna bwenzi lakuda loti izilozera dziko lapansi, Kamuzu ankafuna ndalama, ndipo palibe mwa awiriwa amene ankaganiza za telala wa ku Kawale. Komabe amisiri omanga, mamesenjala ndi alonda amene anadzaza mzindawu ndi amene anakhala makasitomala oyamba a bambo.

Masiku amenewo munthu akafuna malaya ankayamba wagula nsalu. Nsalu yambiri inkachokera ku fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, imene inayamba ntchito cha m'ma 1967, ndipo thonje lake linkalimidwa ku Chikwawa, ku Balaka, ku Salima ndi ku Karonga n'kugulidwa ndi ADMARC. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amalonda a Chimwenye kuti achoke m'midzi akakhale m'matauni akuluakulu, choncho masitolo awo anadzaza mu Malangalanga ndi ku Bwalo la Njobvu, ndipo pafupifupi khonde lililonse linali ndi telala wake. Munthu ankalowa m'sitolo, amudulira mamita awiri ndi theka, akangotuluka pakhomo telala ali pomwepo ndi tepi m'khosi ndi choko m'khutu. Thonje la mlimi wa ku Salima linkayenda kupita ku Blantyre, kubwerera ku Lilongwe ngati khaki, n'kukathera pa msana wa mwana wa sukulu ku Biwi. Pa ulendo wonsewu ndalama inkasiya kachigawo kake m'manja mwa mlimi, woyendetsa lole, woomba nsalu, wamsitolo ndi telala.

Ine ndinayambira pa simbi ya makala. Chaka chathunthu ntchito yanga inali kukoleza makala, kusita ndi kusokerera mabatani. Kenako anandilola kupinda m'munsi mwa masiketi, ndipo sizasi anandigwiritsa patapita zaka zitatu, chifukwa ankati wosoka molakwa amaphwasula, koma wodula molakwa amalipira nsalu ya mwini wake. Sukulu zikamayandikira kutsegulira tinkasoka mayunifolomu mpaka pakati pa usiku pa kuwala kwa nyali yagalasi. Chakumapeto kwa Juni, anthu akukonzekera 6 Julaye, zinali zilundu za amayi. Disembala inali madiresi a ana a Khirisimasi ndi masuti a ukwati. Amayi a Chigwirizano ankabwera ndi nsalu zawo zoyera, ndipo ankayang'anitsitsa msoko uliwonse asanapereke tambala.

Sindikufuna kuti achinyamata aganize kuti inali nthawi ya mtendere wokhawokha. Mu 1973 panabwera lamulo loletsa amayi kuvala thalauzi kapena siketi yolekeza pamwamba pa bondo, ndipo bambo ankayeza kawiri siketi iliyonse, poopa kuti mwini wake akagwidwa ndi ayufi adzafunsidwa amene anamusokera. Nsalu ya nkhope ya Kamuzu inkatipatsa ndalama zambiri, koma ambiri mwa amayi amene ankabwera nayo sanaigule mwa kufuna kwawo. Ankaigula monga momwe tinkagulira khadi la chipani, kuti tilowe mu msika ndi kukwera basi. Poidula pankafunika kusamala kwambiri kuti sizasi isadutse pa nkhope. Ndikukumbukira bambo akutembenuza nsalu yotere uku ndi uku pa tebulo kwa nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, kufunafuna podula poti pasawabweretsere mlandu.

Mayiko a azungu zonsezi ankazidziwa, koma sankalankhula, chifukwa Kamuzu ankadana ndi chikomyunizimu pa nthawi imene Mozambique, Tanzania ndi Angola ankayang'ana kum'mawa. Mu 1989 nduna yaikulu ya Britain Margaret Thatcher anabwera kudzacheza kuno. Mu Novembala chaka chomwecho khoma la ku Berlin linagwa, mu Febuluwale 1990 Nelson Mandela anatuluka m'ndende, ndipo mwadzidzidzi Kamuzu, bwenzi lija, sankafunikanso. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi. Mu Meyi amene anayamba kunyanyala ntchito ku Blantyre anali anthu a nsalu, ogwira ntchito ku David Whitehead, ndipo pa zipolowe zimene zinatsatira anthu oposa 30 anaphedwa. Mwezi womwewo mayiko otithandiza atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lawo lachitukuko mpaka zinthu zitasintha. Ndende ya Mikuyu inalipo kale pa zaka zimene ankatipatsa ndalama mosafunsa. Chimene chinasintha ndi zofuna zawo. Kulimba mtima kunali kwa Amalawi amene anaika miyoyo yawo pachiswe, koma chitseko chinatseguka pa nthawi imene eni ndalama anasiya kuchigwirizira.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 nyali ya zipani zambiri inapambana tambala wakuda wa chipani chimodzi, ngakhale kuno kuchigawo chapakati ambiri anavotera tambala, bambo anga ali m'gulu lomwelo. Lamulo la kavalidwe lija linachotsedwa. Pasanapite nthawi mtsikana wina wogwira ntchito ku City Centre anafika pa khonde ndi nsalu yabuluu, nagwada pang'ono, n'kunena motsitsa mawu: "Agogo, mungandisokereko thalauzi?" Bambo anamuyang'ana, anayang'ana kumsewu monga anazolowera, kenako anatembenukira kwa ine: "Muyeze iweyo, ine manja anga sanazolowere." Thalauzi loyamba la mzimayi pa khonde lathu ndinasoka ndine, ndipo ndimanyadira mpaka lero.

Tinkaganiza kuti ntchito ichuluka kawiri. Koma ufulu wolankhula unabwera pamodzi ndi ufulu wa msika, umene mgwirizano wake unayamba kale. Kuyambira mu 1981 boma linkatenga ngongole ku World Bank ndi IMF, ndipo ngongolezo zinkabwera ndi malamulo ake: kutsitsa mphamvu ya kwacha, kuchepetsa mphamvu za ADMARC, kugulitsa makampani a boma, kutsegula zipata kuti katundu wakunja alowe mosavuta. Mu Febuluwale 1994 kwacha inasiyidwa kuti msika uziikira mtengo, ndipo inagwa kwambiri chaka chisanathe. Pa zipata zotsegukazo ndi pamene panalowera mabelo a kaunjika.

Dzina loti kaunjika linachokera pa kagulitsidwe kake: zovala kungoziunjika pansi pa pepala lapulasitiki, wogula n'kumafukula yekha. Anzathu a ku Zambia amati salaula. Ulendo wake ndi wautali kuposa wa thonje la ku Salima uja. Munthu wa ku Ulaya, ku America kapena ku Canada akatopa ndi chovala amakachiponya m'bokosi la mabungwe achifundo. Zochepa zimagulitsidwa komweko, zotsala zimagulitsidwa kwa makampani amene amazisankha mtundu ndi mtundu, n'kuzipanikiza m'mabelo a makilogalamu 45, kuzimanga ndi zingwe, kuzikweza m'sitima zapamadzi mpaka ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Kuno wogula amalipira belo lomata, osaona zam'kati. Pitani mamawa ku msika wa Tsoka m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe mukaone mayi akudula zingwe za belo limene wagula ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Manja amanjenjemera. Likakhala labwino, zoyambirira zimatengedwa ndi a mashopu a m'tauni pa mtengo wabwino, zotsatira zimapita ku misika ya Area 23, Area 25 ndi Chinsapo, zotsalira zimakathera ku misika ya kabwandire kumidzi. Likakhala la zigamba ndi majuzi a chisanu cha kwa eni ake, mpamba wonse wapita.

Pofika 1996 malaya a pa kaunjika anali otsika mtengo kuposa nsalu yokha yosokera malaya, osawerengera ulusi, mabatani ndi thukuta la telala. Pamwamba pa izi, maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, yunifolomu inasiya kukhala yokakamiza, ndipo ngakhale chinali chifundo kwa makolo osauka, kwa ife inali nyengo yathu yokolola imene inachepa. Makonde a mu Malangalanga anayamba kuchita zii. Anzathu ena anakakhala alonda ku Area 47, ena makondakitala a minibasi, ena anagulitsa makina n'kugula belo. Ife otsala tinasanduka ochepetsa. Tsiku lonse kumangochepetsa m'chiuno, kufupikitsa miyendo, kusintha zipi pa zovala zimene zinadulidwira matupi a anthu ena. Bambo anamwalira mu 1999. M'miyezi yawo yomaliza ankakhala pa mpando pambali panga, ndipo tsiku lina atanyamula thalauzi lalikulu loti ndidule miyendo anati: "Mwana wanga, ine ndinaphunzira kudula suti kuchokera pa nsalu yosayamba. Iwe ana ako udzawaphunzitsa chiyani?" Ndinasowa chowayankha.

Koma ndikanama ndikanena kuti kaunjika anangotibweretsera zoipa. Ndili mwana, anzanga ambiri ku Kawale anali ndi kabudula mmodzi wong'ambika kumbuyo, ndipo mu Juni ankapita kusukulu atakumbatira manja m'khwapa chifukwa juzi inali ya ana a mabwana. Lero mwana wa mlonda ku Mgona ali ndi jekete ndi nsapato. Mlamu wanga, mkazi wamasiye, waphunzitsa ana anayi ndi mulu wa zovala za ana pa msika wa ku Chinsapo, ndipo mmodzi mwa anawo ndi namwino. Munthu amene angabwere n'kunena kuti mawa kaunjika aletsedwe ayambe wakaima pamaso pa mayi ameneyu, amuuze chimene adye. Chimene chimandiwawa n'choti dziko lolima thonje linafika povala zotsala za ena popanda tsiku limene tinakhala pansi ngati mtundu n'kusankha kuti zikhale chomwecho.

Fakitale ya David Whitehead inavutika zaka zambiri mpaka inagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003, itachepa kale mphamvu ndi antchito. Chiyembekezo china chinabwera ndi lamulo la America la AGOA la mu 2000, lolola zovala zosokedwa kuno kulowa m'dziko lawo popanda msonkho. Mafakitale angapo analemba achinyamata ambiri, mphwanga mmodzi mwa iwo. Nsalu inkachokera ku Asia, ife tinkangopereka manja. Pa 1 Januwale 2005 malire amene ankachepetsa kuchuluka kwa zovala zochokera ku China ndi mayiko ena a ku Asia anathetsedwa pa dziko lonse, ogula anatembenukira kumeneko, ndipo mphwanga anabwerera kunyumba atadziwa kusoka kolala yokha, popeza pa mzere wa m'fakitale aliyense amasoka kachigawo kamodzi.

Kenako kunabwera China mwini wake. Chakumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasiya Taiwan, imene tinali nayo pa ubale kuyambira 1966, n'kugwirana chanza ndi Beijing. Mu 2010 aphungu analowa m'nyumba ya malamulo yatsopano ku City Centre, yomangidwa ndi Matchaina, ndipo mu 2017 kunatsegulidwa bwalo la masewero la Bingu ku Area 48. Mzinda umene unayamba ndi ndalama za Pretoria unapitirira ndi ndalama za Beijing. Pa khonde langa kusinthaku kunaoneka mwa njira yake: ulusi, singano, zipi, mabatani, ngakhale makina a Butterfly amene wophunzira wanga amasokera, zonse n'zochokera ku China. Zitenje zambiri zimene amayi amabwera nazo, zokhala ndi maluwa ndi mikombero yathu yomwe, zimadindidwa kutsidya kwa nyanja. Sindidandaula kuti n'zotsika mtengo, chifukwa ndi zimene zabweza amayi kwa telala kudzasoketsa za ukwati, za chinkhoswe ndi za kutchalitchi. Koma pa chovala chonse chimene ndimapereka kwa kasitomala, cha Malawi ndi msoko wokha.

Nkhani imene inanditsegula maso kwambiri ndinaimva pa wailesi, ndipo ndi ya ku Rwanda. Mu 2016 mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zoti pofika 2019 asiye kulandira zovala zakale, kuti mafakitale awo adzuke. Amalonda a zovalazi ku America anakadandaula ku boma lawo kuti ataya msika ndi ntchito. Washington inaopseza kuti ichotsa mayikowo pa mwayi wa AGOA. Kenya, Tanzania ndi Uganda anabwerera m'mbuyo. Rwanda inakana, itakweza msonkho kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu, ndipo mu 2018 boma la Donald Trump linaimitsa mwayi wa zovala za ku Rwanda. Kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti kaunjika ndi mphatso imene inasochera n'kulowa mu msika. Ndinazindikira kuti ndi malonda aakulu, okhala ndi owateteza m'maofesi a boma lamphamvu kwambiri pa dziko lapansi. Kaya Rwanda inachita bwino kapena inapweteka osauka ake, anthu amatsutsana. Ine chimene ndinaona n'choti inanena poyera chimene ikufuna, n'kulipira mtengo wake.

Mu 2020, matenda a Covid-19 atatseka malire, kwa miyezi ingapo dziko linakumbukira kuti lili ndi matelala. Masukulu, matchalitchi ndi maofesi ankafuna zophimba pakamwa mazanamazana, ndipo makina amene anachita dzimbiri m'nyumba za ku Biwi ndi Area 23 anathiridwa mafuta. Tinasoka usana ndi usiku monga mu nthawi ya bambo. Luso lilipobe m'makomboni muno, limangosowa wolifuna.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mwezi womwewo umene IMF inavomereza ngongole yatsopano. Ndalama zakunja zinasowa, ndipo mtengo wa belo unayamba kukwera mosalekeza. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika a mu Lilongwe anatseka malonda n'kuguba kupita ku nyumba ya malamulo, mlamu wanga ali pakati pawo atamanga chitenje m'chiuno. Madzulo ake anafika pakhomo panga mapazi atatupa, nati: "Alamu, belo limene ndinkagula chaka chatha lero sindingalikwanitse ngakhale theka. Ana ndiwauza chiyani?" Ndinakhala chete nthawi yaitali. Amayi ogulitsa zovala zotayidwa ku Ulaya anayenda wapansi kukalira pa nyumba yomangidwa ndi China, chifukwa cha kusowa kwa madola a America, mu mzinda wojambulidwa ndi South Africa. Chawo m'nkhani yonseyi chinali mapazi otupa ndi ngongole.

Zaka 50 ndaona mayiko akuluakulu akubwera ndi kupita, ndipo lililonse linkadziwa chimene likufuna kwa ife: wina bwenzi lomuchotsa manyazi, wina linga lotchinga chikomyunizimu, wina msika, wina voti ku United Nations. Sindiwaimba mlandu pa kudziwa zofuna zawo. Mlandu ndimaupereka kwa atsogoleri athu a zipani zonse, amene amapita ku misonkhano imeneyi atakonzekera kulandira, osakonzekera kunena chimene mlimi wa thonje wa ku Chikwawa ndi telala wa ku Kawale akufuna. Sitingatseke malire, ndipo sindikupempha zimenezo. Koma boma lokha limagula mayunifolomu a apolisi, asilikali, anamwino ndi oyang'anira ndende, kuphatikizapo nsalu za m'zipatala, chaka ndi chaka. Masukulu ali ndi ana mamiliyoni. Zimenezi zokha zitati zizichokera ku thonje lathu, kuombedwa kuno ndi kusokedwa kuno, mlimi akanakhala ndi msika wodalirika, ndipo ana a mlamu wanga akanakhala ndi ntchito ina yosankha kupatula belo.

Inu amene mukuwerenga, musanagone lero tembenuzani kolala ya malaya mwavalawo, muwerenge dzina la dziko limene lalembedwapo. Ndipo phungu wanu akadzabwera ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Mgona kudzagawa nsalu za chipani, landirani ndithu, koma mumufunse pamaso pa anthu kuti thonje la nsaluyo linalimidwa kuti, ndipo anaiomba ndani.